Alethe wa ku Thyolo: dzina lomwe limakola lilime la mlendo ndi la mwini dera

M'mabuku a mbalame a padziko lonse muli kambalame kena komwe kamayenda ndi dzina la boma la Thyolo. Amakalemba kuti Thyolo alethe. Pali anthu omwe amasunga ndalama kwa zaka, kukwera ndege kuchokera ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, kutsikira pa Chileka ndi kugwira msewu wa Limbe kudzera pa Bvumbwe, cholinga chawo n'chakuti adzangokaona ndi maso awo. Dzinali lili ndi mawu awiri okha, koma ndi ochepa omwe amawatchula bwino onse awiri atangowaona koyamba. Mlendo amakodwa pa mawu oyambawo, mwini dera amakodwa pa achiwiriwo.

Kambalameko sikodzionetsera. Kukula kwake n'kopitirirako pang'ono mpheta, msana wake ndi wofiirira, mutu ndi wotuwa, pakhosi m'poyera, ndipo nthenga za m'mbali mwa mchira zili ndi nsonga zoyera zomwe zimaonekera kakamauluka. Kamakhala pansi m'nkhalango yowirira ya m'phiri, momwe dzuwa silifika kwenikweni ndipo masamba oyoyoka amakhala achinyezi chaka chonse. Kadyedwe kake ndiye kochititsa chidwi. Linthumbu likatuluka pamzere kukasaka, tizilombo tonse tomwe tinabisala m'masamba timabalalika kuthawa. Alethe amatera pakanthambi kotsika, pafupi ndi mzere wa linthumbulo, n'kumadikira. Kachiwala kakangodumpha kapena kangaude akangotulukira, iye amatsika, kutola, n'kubwerera pakanthambi paja. Ofuna kumuona amadziwa kuti ayenera kuyamba afufuza kaye linthumbu, akalipeza akhale chete, ndipo asamale poponda.

Dzinali linabwera m'magawo awiri, kuchokera kumadera awiri otalikirana. Mu 1859 katswiri wa mbalame wa ku Philadelphia, John Cassin, anapereka dzina loti Alethe ku mtundu wa mbalame za m'nkhalango zomwe Paul Du Chaillu anatola ku Gabon. Patapita zaka zambiri, mu 1927, William Lutley Sclater wa ku London analemba za mbalame ina ya mtundu wofanana nawo yomwe inapezeka m'phiri la Thyolo. Nthawi imeneyo azungu ankalemba dzina la deralo kuti Cholo, choncho iye anaitcha Alethe choloensis, kutanthauza alethe wa ku Cholo. Minda ya tiyi inali ikufalikira kumene m'mapiriwa. Maclean Kay anali atangoyamba kumene esiteti ya Satemwa mu 1923, ndipo Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique anali atakhazikika pa malo a azungu n'kumagwira thangata.

Tsono mawu oti alethe, ngakhale amalembedwa m'mabuku a Chingerezi, si mawu omwe Mngerezi wamba amawadziwa. Mu dikishonale ya kusukulu simungawapeze. Munthu wobadwira ku Manchester kapena ku Chicago akawaona, amachita zomwe wina aliyense amachita akakumana ndi mawu achilendo: amafufuza m'mutu mwake mawu ena ofanana nawo kalembedwe. Amakumbukira breathe, bathe, seethe ndi clothe. M'mawu onsewa lembo la e lakumapeto silimveka; ntchito yake ndi kungosonyeza katchulidwe ka malembo omwe ali m'mbuyo mwake. Potsatira njira imeneyi, iye amagawa alethe pawiri, a-lethe, n'kutchula ngati "aliidh", mawuwo n'kuthera pa lilime lili pakati pa mano.

Koma alethe si wa m'banja la breathe. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ndipo mawu ambiri a Chigiriki omwe analowa m'Chingerezi anasunga liwu la e wakumapetoyo. Mayina monga Penelope ndi Daphne ali m'gulu lomweli, chimodzimodzinso catastrophe, apostrophe ndi epitome. Motero katchulidwe komwe akatswiri ambiri a mbalame amatsata kali ndi maphatikizo atatu: a-le-the, kumveka ngati "a-LII-thii". Phatikizo loyambalo ndi lofooka, limangodutsa mwachangu pakamwa. Mphamvu yonse ili pa lachiwiri. Lachitatu limatha ndi liwu la i.

Apa ndi pomwe ndikufuna aphunzitsi ndi makolo atchere khutu. Tengani mwana wa Sitandade 3 pa sukulu iliyonse ya ku Thyolo, mumulembere mawuwa pa bolodi, mumuuze kuti awagawe m'maphatikizo poomba m'manja monga amachitira pa phunziro la Chichewa. Aomba katatu: a, le, the. Wapeza chiwerengero cholondola, chomwe Mngerezi uja wachiphonya. Muuzeninso kuti awerenge mawu onse pamodzi. Atalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, chifukwa umo ndi momwe Chichewa chimayendera: timati ku-THYO-la, ma-SA-mba, chi-PE-ro-ni ayi koma chi-pe-RO-ni. Mwanayo anena kuti a-LE-the, ndipo mphamvu yagwera pamalo ake enieni. Pa zinthu zinayi zofunika potchula mawuwa, ziwiri wazipeza yekha popanda womuthandiza. Zomutsalira ndi ziwiri basi: kudziwa kuti e ameneyu amamveka ngati i, ndi kuphunzira th wa Chingerezi.

Nkhani ya e womveka ngati i ili ndi mbiri yake. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700, Angerezi anasintha pang'onopang'ono katchulidwe ka malembo a liwu otalika. E wotalika anayamba kumveka ngati i, ndipo i wotalika anasanduka ai. Mwatsoka, m'nyengo yomweyo makina osindikizira mabuku anali atafika. William Caxton anawakhazikitsa ku Westminster mu 1476. Kalembedwe kanaima pomwe kanali pamene pakamwa pankapitirira kusintha. Ife tinalandira malembo omwewo kudzera mwa amishoni, koma iwo potilembera Chinyanja anapatsa a, e, i, o, u maliwu ake akale, lembo lililonse liwu limodzi. N'chifukwa chake mwana wathu akadziwa malembo ndi maphatikizo amatha kuwerenga mawu aliwonse a Chichewa ngakhale sanawamvepo, pomwe mnzake wa ku England amayenera kuloweza mawu ambirimbiri amodziamodzi.

Th ndiye amafuna kuyeserera. Kwa ife th ndi t wotuluka ndi mpweya, monga mu thobwa, thumba kapena thukuta. Lilime limagunda kuseri kwa mano n'kuchoka msanga. Mu th wa alethe lilime siligunda paliponse mwamphamvu. Nsonga yake imatulukira pang'ono pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, ndipo mpweya umadutsa mopitirira, ngati momwe umachitira potchula f kapena s. Mphunzitsi akaima patsogolo pa kalasi n'kuonetsa lilime lake, ana amaseka kaye, kenako amayesa, ndipo ambiri amalipeza liwulo tsiku lomwelo. Vuto ndi loti nthawi zambiri palibe yemwe amawaonetsa. Amangouzidwa kuti alakwitsa.

Sindikunena kuti njira ya maphatikizo a Chichewa imagwira pa mawu onse a Chingerezi. Mufakitale ya tiyi momwemo muli mawu omwe amaikana. Tiyi akaumitsidwa amasefedwa m'magulu molingana ndi kukula kwa tizidutswa take, ndipo pa matumba opita ku okushoni ya ku Limbe pamalembedwa zizindikiro monga BP1, PF1 ndi PD. P ameneyu akuimira pekoe, mawu omwe anachokera ku China. Mmalawi akawawerenga monga awerengera Chichewa apeza maphatikizo atatu, pe-ko-e, pomwe m'Chingerezi alipo awiri okha: "PII-ko". Apa e wakumapeto ndi wachete ndithu. Mawu awiri onsewa, alethe ndi pekoe, ndi a m'mapiri omwewa, onse akutha ndi e, koma wina amamveka, wina ayi. Palibe lamulo limodzi lomwe lingakupulumutseni. Muyenera kudziwa komwe mawuwo anachokera, apo ayi mufunse kwa wodziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa Chingerezi ngakhale eni ake amafunsa.

Kusiyana kwenikweni kwa zilankhulo ziwirizi kuli pa mamangidwe a phatikizo. M'Chichewa phatikizo limatha ndi lembo la liwu, kupatula m yemwe amaima payekha monga mu m-te-ngo kapena m'-mu-nda. Chingerezi chimalola kuunjika malembo opanda liwu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, mpaka mawu ngati strengths, a malembo 9, kukhala phatikizo limodzi lokha. Makolo athu omwe ankagwira ntchito m'minda ya tiyi atakumana ndi milu imeneyi anaimasula poika malembo a liwu pakati. Estate inakhala esiteti, factory inakhala fakitale, clerk anakhala kalaliki, scale yoyezera madengu a masamba inakhala sikelo. Ngakhale tea weniweniyo, yemwe ndi phatikizo limodzi, kwathu ndi awiri: ti-yi. Awa tsopano ndi mawu a Chichewa, ndipo ali bwinobwino momwe alili. Munthu wonena kuti akupita ku fakitale sakulakwitsa Chingerezi, akulankhula chilankhulo chake. Chomwe mwana wa sukulu akufunika kuuzidwa momveka ndi chakuti fakitale ndi factory ndi mawu awiri a zilankhulo ziwiri, ndipo aliwonse ali ndi maphatikizo akeake.

Tiyeni tsopano titembenuzire nkhaniyi kwa mlendo uja. Iye akaona Thyolo pa chikwangwani, m'mutu mwake mumabwera thyroid, ndiye amatchula kuti "Thai-o-lo", maphatikizo atatu, lilime lili pakati pa mano. Ife tikudziwa kuti alipo awiri, Thyo-lo, ndipo thy wake ndi yemweyo wa mu kuthyola, ntchito yomwe amayi ndi abambo a m'derali amalawirira m'mawa dengu lili kumsana. Ambiri akamalankhula mwachangu thy ameneyu amamveka ngati tch, n'chifukwa chake ena amati kutchola. Azungu oyamba anamva liwu lomweli n'kulemba Cholo, monga analembera Mlanje m'malo mwa Mulanje. Dziko litalandira ufulu mayinawa anakonzedwa kalembedwe, ndipo zotsatira zake n'zakuti mlendo wa lero akawerenga buku lakale amatchula moyandikira, akawerenga latsopano amasochera.

Si Thyolo yekha. Mlendo amadula mayina athu pamalo olakwika chifukwa khutu lake linazolowera phatikizo lotsekedwa ndi lembo lopanda liwu. Satemwa amamugawa Sa-tem-wa m'malo mwa Sa-te-mwa. Luchenza amakhala Lu-chen-za m'malo mwa Lu-che-nza. Bvumbwe, yemwe ndi maphatikizo awiri okha, amamuwonjezera lachitatu kutsogolo chifukwa b ndi v akukana kutulukira limodzi. Pa Naming'omba ndiye pamavuta zedi, poti liwu la ng' m'Chingerezi limangopezeka kumapeto kwa phatikizo monga mu sing, pomwe kwathu limatha kuyamba phatikizo: Na-mi-ng'o-mba. Mlendoyo akuchita zomwezo zomwe agogo athu anachita ndi factory, kungoti iye akutseka pomwe ife timatsekula. Ndipo taonani momwe timamulandirira. Timamwetulira, timamubwerezera dzinalo pang'onopang'ono, akayesa timamuyamikira. Chifundo chomwechi n'chimene ndimachisowa mwana wathu akaphonya mawu a Chingerezi pagulu. Amasekedwa, ndipo ena amatsekeratu pakamwa mpaka kumaliza sukulu.

Izi zimandikhudza chifukwa Chingerezi ndi chipata chomwe mwana aliyense m'dziko muno ayenera kudutsapo. Popanda kukhoza phunziroli palibe satifiketi ya MSCE. Koma mayeso ake ndi olemba, choncho mwana amatha kuloweza tanthauzo la hyperbole ndi simile, kukhoza bwino, osamvapo momwe mawuwa amatchulidwira. Hyperbole ali m'banja lomwelo la alethe: maphatikizo anayi, hy-per-bo-le, mphamvu pa lachiwiri, e wakumapeto womveka. Ophunzira ambiri, kuno komanso ku England komwe, amawadula kukhala atatu ngati akutha ndi bowl. Kuyambira mu 2016 ndondomeko ya National Reading Programme yakhala ikulimbikitsa kuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo m'makalasi oyambirira, ndipo ili ndi maziko abwino. Chomwe chimatsalira ndi kuwolotsa luso limeneli kupita nalo ku Chingerezi cha m'makalasi apamwamba.

Chida chake chilipo kale m'masukulu ambiri, kungoti sichigwiritsidwa ntchito mokwanira. Dikishonale ya Oxford ya ophunzira, yomwe inayambitsidwa ndi A. S. Hornby, imaika pambali pa mawu aliwonse zizindikiro za katchulidwe pakati pa timizere tiwiri topendekera. Muli kakamzere kakang'ono koimirira komwe kamakhala pamwamba, kutsogolo kwa phatikizo lamphamvu. Muli e wozondoka yemwe amaimira liwu lofooka lija la kumayambiriro kwa alethe ndi about. Muli timadontho tiwiri tosonyeza kuti liwu ndi lotalika. Mphunzitsi atapatula maphunziro ochepa chabe kufotokoza zizindikiro zimenezi, mwana angathe kudzithandiza yekha moyo wake wonse. Pali chenjezo limodzi: madikishonale ena amaika timadontho pakati pa malembo posonyeza pomwe mawu angadulidwe akafika kumapeto kwa mzere polemba, ndipo malo amenewa nthawi zina amasiyana ndi pomwe pakamwa pamadulira. Khutu ndi m'manja ndi zomwe zimawerenga maphatikizo molondola. Masiku ano foni ya intaneti imathanso kukutchulirani mawu, ngakhale pa mawu osowa ngati alethe makinawo nawonso amangoganizira.

Wina angafunse kuti dzina la kambalame lili ndi phindu lanji kwa munthu yemwe akusowa pobzala chimanga. Funsoli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. Anthu atapanikizika analowa m'nkhalango ya m'phiri la Thyolo ndi nkhwangwa ndi makasu, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mbali yaikulu ya nkhalangoyo inali itasanduka minda. Kachigawo kodziwika komwe katsala ndi komwe kali m'malire a Satemwa. Nkhalango ikatha linthumbu la m'menemo limachepa, mthunzi umachoka, ndipo alethe sakhala pamtetete. Bungwe loona zoteteza zachilengedwe la IUCN linamuika m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotheratu. Amapezekanso m'phiri la Mulanje ndi m'mapiri ena ochepa a kummwera kuno, komanso kutsidya ku Mozambique m'mapiri a Namuli, Chiperone ndi Mabu. Nkhalango ya Mabu inadziwika kwa asayansi mmodzi wa iwo, Julian Bayliss, ataiona pa Google Earth mu 2005, ndipo gulu lomwe linapitako mu 2008 linakapezako alethe wa ku Thyolo ali ndi malo otakasuka kuposa kwawo komwe anatengera dzina.

Ine ndikuona kuti dzinali lili ndi phindu lenileni, ngakhale ndi laling'ono. Alendo ofuna mbalame amafuna wowaperekeza wodziwa tinjira ta m'nkhalango, wakhutu lakuthwa, wotha kusiyanitsa kulira kwa mbalame ina ndi inzake. Mnyamata kapena mtsikana wokulira m'mphepete mwa phiri ali nazo kale zonsezi. Chomwe chimamulepheretsa kawirikawiri ndi mantha a mayina a m'bukumo: alethe, apalis, oriole, turaco, trogon. Onsewa ndi a maphatikizo awiri kapena atatu, ndipo munthu angathe kuwaphunzira masana amodzi atapeza womutchulira. Ntchito imeneyi ikamagwiridwa ndi ana a m'deralo, ndalama ya mlendo imatsala m'mudzi, ndipo mtengo woimirira umayamba kukhala ndi woulankhulira pa bwalo la amfumu. Makalabu a zachilengedwe a m'masukulu ozungulira phirili angachitenso bwino kukhala pansi ndi agogo, kulemba mayina a mbalame za m'nkhalangomo m'Chilhomwe ndi m'Chimang'anja pambali pa a Chingereziwo, kuti mlendo nayenso abwerere kwawo ataphunzira kugawa maphatikizo athu.

Asayansi nawo sanalisiye dzinali pamalo amodzi. Atafufuza chibale cha mbalamezi anapeza kuti ya ku Thyolo si m'bale wapafupi wa zija za Cassin monga ankaganizira. Kwa kanthawi anaisamutsira ku gulu lotchedwa Pseudalethe, momwe p woyambayo ndi wachete monga mu psychology. Panopa mabuku ambiri amailemba kuti Chamaetylas choloensis, ngakhale m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku ikadali alethe. M'dzina latsopanoli muli ch awiri omveka mosiyana. Woyamba ndi wa Chigiriki, amamveka ngati k monga mu chemistry. Wachiwiri ndi wa Cholo, choncho amamveka monga timamutchulira kuno. Mabuku a Chingerezi anasintha kale Cholo alethe kukhala Thyolo alethe potsatira kalembedwe kathu, koma choloensis sangasinthe, chifukwa malamulo a mayina a sayansi a nyama amasunga kalembedwe komwe wolemba woyamba anagwiritsa ntchito, ndipo Sclater mu 1927 analemba ndi ch.